Mphindi ziwiri mumlengalenga, usiku wonse pagombe



Ndiloleni ndiwafotokozere awerengi anzanga za ulendo umene ndinayenda mwezi wa June kuno ku Scotland, kumene ndakhala zaka zinayi tsopano ndikugwira ntchito yosamalira okalamba. Unali ulendo wa pandege, koma ndege yake mutati mutereke madzi a tiyi pamene ikunyamuka, anthu atsika madziwo asanawire. Ulendowu ndi wochoka pa chilumba cha Westray kupita pa chilumba cha Papa Westray, ndipo buku la Guinness World Records limati palibe ulendo wina waufupi kuposa umenewu pa maulendo onse a ndege zonyamula anthu pa dziko lapansi. Mtunda wake ndi makilomita 2.7 basi, ndipo nthawi yake sikwana mphindi ziwiri.

Ine ndinabadwira pa Chizumulu, kachilumba ka m'boma la Likoma. Amene simunafikeko dziwani kuti zilumba ziwirizi ndi za Malawi ngakhale madzi ozizungulira ali a Mozambique. Mwana wa pachilumba amakula ndi masamu akeake. Munthu akati akupita kwakuti, sitifunsa za makilomita. Timafunsa kuti nyanja yadzuka bwanji lero, boti lichoka liti, nanga mafuta alipo? Choncho mnzanga wa kuntchito, mtsikana wa ku Westray, atandiuza pa nthawi ya tiyi kuti kwawo kuli ndege youluka mphindi ziwiri, ndinaseka mpaka misozi. Ndinamuuza kuti azungu ndalama zakusowetsani chochita. Iye sanakwiye. Anangoti tchuthi chikakwana tidzapitire limodzi, ndikadzionere ndekha.

Westray ndi Papa Westray zili m'gulu la zilumba za Orkney, kumpoto kwenikweni kwa Scotland. Zilumbazi zilipo pafupifupi 70, koma zokhala anthu ndi 20 zokha, ndipo anthu ake onse pamodzi ndi pafupifupi 22,000. Tinanyamuka ku Aberdeen pa sitima yapamadzi 5 koloko madzulo n'kukafika ku Kirkwall, likulu la Orkney, cha m'ma 11 koloko usiku. Ndikuti usiku potsata wotchi, koma kunja kunali ngati chisisira cha kwathu, chifukwa mwezi wa June dzuwa kumeneko limalowa 10 koloko itadutsa. Pandege ulendo womwewo sukwana ola limodzi. Ife tinasankha wa maola 6 chifukwa thumba ndi limene linalamula.

M'mawa mwake, tikudikira sitima ina, tinalowa mu tchalitchi chachikulu cha St Magnus chimene anayamba kumanga mu 1137. Miyala yake yofiirira inandikumbutsa tchalitchi cha St Peter's cha pa Likoma, chimene amishoni anayamba kumanga mu 1903. Ndinadabwa kuti anthu a pazilumba kulikonse amakonda kumangira Mulungu nyumba yaikulu kuposa mudzi wawo. Kuchoka pa Kirkwall tinayenda pamadzi pafupifupi ola ndi theka n'kukocheza pa Rapness, kummwera kwa Westray. Bambo a mnzangayo anadzatitenga pagalimoto mpaka ku Pierowall, mudzi waukulu wa pachilumbapo. Westray pali anthu pafupifupi 600. Dziko lake ndi lobiriwira, ng'ombe zonenepa zili ponseponse, koma mitengo mungachite kuwerenga. Mphepo siilola kuti ikule.

Madzulo bambowo ananditengera kumpoto kwa chilumbacho n'kundilozera tsidya. Papa Westray, amene eni ake amangoti Papay, anali pomwepo. Nyumba zinkaoneka, mipanda ya miyala inkaoneka, ngakhale nkhosa ndinkatha kuziona ngati timadontho toyera. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, pafupi chonchi ndege ndi ya chiyani? Kwathu mnyamata wa zaka khumi akhoza kupalasa bwato mpaka apo." Iwo anandiuza kuti ndiyang'ane bwino madzi a pakatipo. Nditayang'anitsitsa ndinaona kuti akuthamanga ngati mtsinje. Nyanja ya mchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo madziwo akamadutsa pa mpata wa pakati pa zilumba amakoka mwamphamvu. Akakumana ndi mphepo yochokera mbali ina, mafunde amaimirira. Kuwonjezera apo madzi ake ndi ozizira moti munthu akagweramo sakhalitsa.

M'mawa mwake anandiperekeza ku bwalo la ndege la Westray, pa malo otchedwa Aikerness. Amene munafikapo pa Kamuzu International Airport kapena pa Chileka, chotsani chithunzi chimenecho m'mutu. Pano pali kanyumba kamodzi kofanana ndi golosale ya pa trading, kachipata, ndi kansalu konga thumba kokolekedwa pamtengo kosonyeza kumene mphepo ikulowera. Kuseri kwa waya ng'ombe zinali kudya msipu. Nthawi ya ndege itayandikira, anafika anthu awiri atatu pa magalimoto a kumunda, navala zovala za ozimitsa moto. Ndi anthu a m'mudzi momwemo amene ali ndi ntchito zawo zina. Amabwera kudzalandira ndege, kutsitsa ndi kukweza katundu, kenako n'kubwerera ku ziweto zawo.

Ndegeyo inatulukira kummwera, kuchokera ku Kirkwall, n'kutera ngati mbalame yozolowera pakhomo. Ndi ya mtundu wa Britten-Norman Islander, ya injini ziwiri, yonyamula anthu 8 ndi woyendetsa mmodzi. Kampani ya Loganair yakhala ikuyendetsa maulendo a m'zilumbazi kuyambira mu 1967. Mkati mwake mulibe mpata woyendamo. Zitseko zili m'mbali ngati za galimoto, ndipo mipando ndi ya awiriawiri, mapewa kugundana ngati m'minibasi ya ku Nkhata Bay. Woyendetsa ndi amene amakuuzani pokhala, kuti kulemera kusapendekere mbali imodzi. Ndinakumbuka eni maboti a kwathu akamakuwa kuti, "Amayi inu sunthirani uku, boti lapendama!" Tinakwera anthu asanu: mayi wina wonyamula chikwama cha mabuku, bambo wa bokosi la zitsulo, alendo awiri a makamera, ndi ine.

Woyendetsa anatembenuka, nationetsa lamba ndi chitseko, nalizitsa injini. Phokoso lake linadzaza m'makutu. Ndinatsegula wotchi ya pafoni matayala atangosiya nthaka. Pansi panadutsa udzu, kenako mchenga woyera, kenako madzi obiriwira oonekera mpaka pansi. Sitinakwere n'komwe kufika kumitambo. Ndisanamalize kufunafuna pamene tinachokera, ndinaona kutsogolo, kupyola phewa la woyendetsa, bwalo lina likubwera. Phokoso la injini linatsika, ndege inapendekeka pang'ono, matayala anagunda pansi. Foni inaonetsa mphindi imodzi ndi masekondi 25. Alendo a makamera aja anaomba m'manja. Mayi wa mabuku uja sanadzutse n'komwe mutu. Anali kuyang'ana m'chikwama mwake ngati munthu amene watsika basi pa siteji ya tsiku ndi tsiku.

Nthawi ya ulendowu sikhala imodzimodzi masiku onse, ndipo wolamula ndi mphepo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo kuti mapiko agwire mpweya msanga. Mphepo ikakhala yochokera kumene mukupita, ndege imangonyamuka n'kulunjika. Ikakhala yochokera kwina, woyendetsa amayenera kuzungulira kaye, ndipo kuzungulirako kumaposa mtunda weniweniwo. Nthawi yaifupi kwambiri imene inalembedwapo ndi masekondi 53, ndipo anaikwanitsa ndi Stuart Linklater, amene anauluka ulendowu maulendo opitirira 12,000 asanapume pantchito mu 2013. Mukawerengera makilomita 2.7 pa masekondi 53, liwiro lake ndi la makilomita pafupifupi 180 pa ola. Kuti muone kufupika kwake, msewu umene ndege zimathamangapo pa bwalo lathu la Kamuzu ndi wautali kuposa makilomita atatu. Ulendo wonsewu ukhoza kukwana mkati mwa bwalo la ku Lumbadzi n'kutsalako malo.

Komabe ndikawerengera kuchokera pamene ndinatseka chitseko ku Pierowall mpaka pamene ndinaponda msewu wa pa Papay, panadutsa pafupifupi ola lathunthu: kuyenda pagalimoto, kudikira, kukweza katundu, kutsika. Ulendo uliwonse uli ndi miyeso itatu. Woyamba ndi mtunda wowongoka, umene mungauyeze ndi rula pamapu. Wachiwiri ndi nthawi imene chokwera chanu chikuyenda. Wachitatu ndi nthawi yochokera pamene mwafuna kupita mpaka pamene mwafika. Anthu a mabuku amakonda miyeso iwiri yoyambayo chifukwa imalembeka bwino. Munthu wodwala amadziwa wachitatu wokha.

Papay ndi kachilumba kotalika makilomita pafupifupi 7, kopyapyala moti pamalo ambiri mumaona nyanja mbali zonse ziwiri. Kuchoka pabwalo la ndege ndinayenda pansi kulowera kugombe la kumadzulo, kumene kuli Knap of Howar. Izi ndi nyumba ziwiri za miyala zogundizana, zimene anthu anayamba kukhalamo zaka zoposa 5,500 zapitazo, mapiramidi a ku Egypt asanamangidwe. Akatswiri amaziika m'gulu la nyumba zakale kwambiri zimene zidakaimabe kumpoto kwa Ulaya. Denga kulibe, koma makoma alipo, mashelefu a miyala alipo, ndi mwala woperera mbewu ulipo. Khomo lake ndi lalifupi moti ndinalowa chowerama. Eni nyumbazi ankaweta ng'ombe ndi nkhosa, ankalima, ankapha nsomba. Nditakhala pansi m'katimo ndinaganiza kuti nawonso anali ndi amayi oyembekezera, nawonso ankayang'ana tsidya n'kumadikira kuti mphepo ileke.

Chakumpoto pang'ono kuli katchalitchi kakale ka St Boniface, kozunguliridwa ndi manda. Kumeneko ndinapeza mayi wina wachikulire akuzula udzu pa manda a amuna awo. Atandifunsa kwathu, ndinati ku Malawi, ndipo nkhope yawo inawala, chifukwa m'mipingo ya ku Scotland dzina la Malawi si lachilendo. Nditawauza kuti ndine wa pachilumba, anaika kampeni kawo pansi.

"Ndiye kuti ukudziwa, mwana wanga," anatero. "Ukudziwa za kudikira."

Ndinawafunsa funso lija limene linali lidakali pakhosi. "Mayi, ndege imene ndakwera ija, kodi si ya alendo ofuna kujambula zithunzi?"

Anaseka. Anati alendo amabwera miyezi ya dzuwa yokha, koma ndegeyo imauluka chaka chonse, ngakhale miyezi ya mdima imene palibe mlendo angaponde pa Papay. Ulendo wa mphindi ziwiriwo ndi chidutswa chabe cha ulendo wochokera ku Kirkwall, umene umaima pa zilumba ziwirizi n'kubwerera. Imabweretsa aphunzitsi, azaumoyo, okonza magetsi ndi mapaipi. Imatenga wodwala wokaonana ndi dokotala ku Kirkwall, ulendo wa mphindi zosakwana 30, n'kumubweza. Kwa zaka zambiri ndege za mtundu womwewu ndi zimene zinkathamangitsa odwala mwakayakaya, ndipo lero ntchito imeneyo imagwiridwa ndi helikopita. Amayi oyembekezera amapita ku Kirkwall masiku akayandikira, koma amapita mtima uli m'malo podziwa kuti mwana akafulumira, thandizo lidzabwera.

Ndinawafunsa kuti ndege ya anthu 8, imene nthawi zina imanyamula awiri, imapeza bwanji phindu. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachibwana. Phindu palibe, anatero. Khonsolo ya Orkney imapereka ndalama za boma kuti maulendowa aziyenda, ndipo kampani imasaina pangano loti iziuluka pa nthawi yake, mudzaze musadzaze. N'chifukwa chake tikiti yake munthu wamba amaikwanitsa. Anandiuza kuti kale, m'zaka za m'ma 1800, pa Papay pankakhala anthu opitirira 300. Achinyamata anayamba kuchoka mpaka kalembera wa 2001 anapeza anthu 65 okha. Pofika 2011 anakwera kufika 90. Anthu amabwerera pamene aona kuti kukhala pachilumba si kutayidwa.

Anthu 90! Pa Chizumulu maliro amodzi amasonkhanitsa anthu oposa pamenepo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 m'boma la Likoma. Ndinakhala chete, ndipo mayiwo anaona kuti maso anga asintha. Anandifunsa chimene chavuta, ndiye ndinawafotokozera nkhani imene ndikufuna kukufotokozerani nanunso.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, mwezi wa July, achemwali anga anali ndi pathupi pachitatu. Anali atakonzeka kuti masiku akayandikira awoloke kupita ku chidikiro pa Likoma, ndipo ufa ndi nkhuni tinali titasonkhanitsa kale. Koma matenda anayamba patatsala masabata asanu. Tinathamanga nawo ku chipatala chaching'ono cha pachilumba pathu. Cha m'ma 6 koloko madzulo azamba anatiitanira pambali n'kutiuza kuti mwana wagona mopingasa, pakufunika opaleshoni, ndipo opaleshoniyo ingachitike pa Likoma. Kuchoka pa Chizumulu kufika pa Likoma ndi makilomita pafupifupi 10. Usiku magetsi a tsidyalo timawaona.

July ndi mwezi wa mwera. Tsiku limenelo unali utakuntha kuyambira m'mawa, mafunde akuswa pamiyala ngati mfuti. Boti lalikulu limene likanalimbana nawo linali litapita ku Nkhata Bay kukatenga katundu. Linatsala boti laling'ono la msodzi wina, lopanda mafuta okwanira. Alamu anga anayenda khomo ndi khomo ndi chigubu, uyu lita imodzi, uyu theka, mpaka chinadzaza cha m'ma 10 koloko. Titafika pagombe, mwini boti anaima nthawi yaitali akuyang'ana nyanja. Kenako anavula chipewa n'kunena kuti, "Achimwene, ndikhululukireni. Ndikalowa pano usiku uno ndipha anthu asanu ndi mmodzi." Palibe anamutsutsa. Tonse tinabadwira pomwepo, ndipo tinkadziwa kuti akunena zoona.

Usiku umenewo sindidzaiwala. Amayi anakhala kumutu kwa achemwali akuwapukuta thukuta ndi chitenje, ine ndikuyendayenda pakati pa chipatala ndi gombe kukaona ngati mphepo yatsika. Azamba sanagone, anachita zonse zimene manja awo akanatha. Kunja kutayamba kuyera mwera unapumako pang'ono, ndipo tinawanyamula pamphasa mpaka m'boti. Tinayenda maola awiri, madzi akulowa, ine ndikukapa ndi chitini. Tinafika pa chipatala cha pa Likoma cha m'ma 8 koloko. Madokotala anatilandira mwachangu ndipo anapulumutsa moyo wa achemwali. Mwanayo, wamwamuna, anali atatisiya kale m'mimba. Amayi achikulire anakamuika mwakachetechete monga mwa mwambo, ndipo dzina sanapatsidwe.

Makilomita 10, maola 14. Ndege imene ndinakwera ku Westray ikanayenda mtunda umenewo mphindi zosakwana zisanu. Pa Likoma pali bwalo la ndege la phula, ndipo mlendo wochokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita opitirira 200, amatera pamenepo patatha pafupifupi ola limodzi. Choncho tsiku limenelo munthu wokhala ku Lilongwe anali pafupi ndi Likoma kuposa achemwali anga amene ankaona magetsi ake ndi maso. Mayi wa pa Papay uja anandigwira dzanja. Sananene zambiri. Anangondilozera timanda ting'onoting'ono ta m'mphepete mwa mpanda n'kunena kuti nakonso kwawo zinali choncho, agogo awo ali atsikana.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikupempha ndege ya pa Chizumulu. Chilumba chathu ndi chamiyala ndi mapiri, ndipo chuma cha dziko lathu tonse tikuchidziwa. Ndiponso ndege si mankhwala a zonse. Ku Orkney nakonso nkhungu ikatseka kapena mphepo ikapyola muyezo, ndege imakhala pansi, anthu n'kudikira ngati ife. Chimene ndinatengako kumeneko ndi maganizo amene ali kuseri kwa ndegeyo. Anthu anakhala pansi n'kugwirizana kuti ulendo wa pachilumba ndi msewu ngati misewu ina yonse. Msewu wa phula wopita kumudzi kwanu suufunsidwa kuti wapanga phindu lanji chaka chino. Umamangidwa ndi misonkho chifukwa kumeneko kuli anthu. Ife a pazilumba msonkho timapereka nawo pa sopo, pa shuga ndi pa mafuta, koma msewu wathu ndi madzi.

Sitima ya Ilala timaikonda, ndipo yatilera. Inapangidwa kuno ku Scotland komwe, mumzinda wa Glasgow, n'kutumizidwa zidutswazidutswa, ndipo yakhala ikuyenda pa nyanja yathu kuyambira mu 1951. Tsiku la Ilala pachilumba ndi tsiku la msika, la makalata, la kulandira ndi kutsanzikana. Koma sitima yoyendera madoko a nyanja yonse ili ndi ntchito yake, ndipo mimba sidikira tsiku la sitima. Pakati pa Chizumulu ndi Likoma pamafunika boti lolimba, lotha kulimbana ndi mwera, logona pa Chizumulu pomwepo usiku uliwonse. Likhale ndi woyendetsa wolipidwa pamwezi ndi mafuta osungidwa amene ndalama yake yalembedwa mu bajeti chaka ndi chaka. Boti timatha kulilandira ndi nthungululu ndi magule tsiku loperekedwa. Ntchito yeniyeni ndi ya tsiku la 500, pamene injini yafuna sipeya, alendo olemekezeka atapita kalekale.

Ndikupempha makhansala, aphungu ndi mafumu a m'maboma a m'mphepete mwa nyanja kuti akamakambirana za chitukuko azifunsa funso la muyeso wachitatu uja: mayi akadwala 6 koloko madzulo, afika nthawi yanji pa tebulo la opaleshoni? Funsoli si la Chizumulu yokha. Ndi la Chisi pa nyanja ya Chilwa, ndi la midzi ya kumpoto kwa Nkhata Bay monga Usisya ndi Ruarwe kumene anthu amadalira nyanja, ndiponso la mudzi uliwonse umene mtsinje ukadzaza umasanduka chilumba. Pamapu malo onsewa ali pafupi ndi chipatala. Nafenso amene tili kunja kuno tisamangotumiza ndalama za maliro. Tikhoza kusonkherana za mafuta maliro asanachitike.

Pobwerera ku Westray madzulo ake sindinakwere ndege. Ndinayenda pansi mpaka ku doko la Moclett, kummwera kwa Papay, n'kukwera boti lonyamula anthu lopita ku Pierowall. Limeneli ndi limene ana a sukulu a pa Papay amakwera popita ku sekondale ya pa Westray. Linanyamuka pa nthawi imene inalembedwa pachikwangwani, tili anthu anayi okha, ndipo linatenga mphindi pafupifupi 25. Mafunde ankalimenya m'mbali, madzi akuthovokera pamawindo, ndipo thupi langa linakumbuka lokha kakhalidwe ka m'boti. Kunena zoona, m'botimo ndi mmene ndinamva kuti ndili kwathu. Ndi botilonso, kuposa ndege ija, limene ndinalisirira.

Usiku umenewo ndinaimbira foni achemwali. Ali bwino, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wina wamkazi amene chaka chino ali sitandade 1. Pa mimba imeneyo anawoloka miyezi iwiri isanakwane nthawi, n'kukakhala kwa achibale pa Likoma, kusiya munda ndi ana m'manja mwa amayi. Nditawauza kuti ndakwera ndege ya mphindi imodzi ndi theka, anaseka ngati mmene ndinasekera ine poyamba paja.

"Iwe usandinamize. Ndiye unakhala pansi n'komwe?"

"Ndinakhala, achemwali. Ndi lamba ndinamanga."

"Nanga anthu ake ndi angati pachilumbapo?"

"Ngati 90."

Foni inakhala zii kwa kanthawi, moti ndinayesa netiweki yadula. Kumbuyo kwawo ndinkamva mafunde akuswa pagombe, chifukwa mwera unali utayamba kale. Kenako anati, "Anthu 90 okha, boma n'kuwakumbukira?" Ndinati eya. Anati ndidzawaonetse zithunzi ndikadzabwera pa Khirisimasi, ndipo ndisaiwale kuwagulira alamu jekete la mvula, chifukwa lakale lija linang'ambika pa nyanja.

Ine mwana wa pa Chizumulu,
Aberdeen, Scotland